Matenti Pamchenga wa a Lenia

Mukamva anthu pa Migowi akuseka za mayi wamisala amene amasesa kukampu ya kuphiri, dziwani kuti akunena alamu anga, a Lenia. Ngati nanunso mukufuna kuseka, kasekereni kutali ndi ine, chifukwa dzanja langa silichedwa. Ine ndine Aliness, mlongo wawo wa a Goliati, amene anali amuna awo a Lenia. Nkhani iyi ndikuinena mtima ukuwawa, ndipo pa anthu onse amene ndakwiya nawo, woyamba ndi ine mwini.

A Lenia anabadwira m'nyumba yomalizira kumtunda kwa mudzi wathu, pamene minda ya nandolo imathera, nkhalango n'kuyambira. Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo anakhazikika pamenepo chifukwa cha kamtsinje ka Nathuwe, kamene sikauma ngakhale mu Okutobala. A Lenia sukulu analekezera sitandade folo. Kuyambira ali kamtsikana ntchito yawo inali nkhuni: kukwera phiri mame asanakamuke, kutsika dzuwa lili paliwombo ndi mtolo woti mwamuna sangaudzutse n'komwe. Ana awo atatu anakulira nkhuni zimenezo ndi nandolo. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Akakwiya zenizeni amasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe, ndipo ukangomva zimenezo, iwe sendera.

Achimwene anga anapita kumeneko ngati mkamwini. Goliati linali dzina chabe, mwini wake anali wamfupi ngati mtondo. Anayamba ndi kucheka matabwa m'phirimo, ndipo mapewa atatopa anasiya n'kumaweta mbuzi. Ankakangana monga mabanja onse, makamaka za kachasu, koma zaka makumi atatu zinatha ali limodzi.

Mu Malichi 2023 inabwera mvula ya Freddy ija. Inagwa masiku atatu osapuma. A Lenia anali atatsikira kuchipatala kukadikirira mwana wawo wamkazi amene masiku ake anali atakwana, ndipo achimwene anatsala pakhomo chifukwa cha mbuzi. Tsiku lachitatu m'mawa, anthu akuti aphike phala, phiri linabangula. Napolo anadutsa ndi miyala yaikulu kuposa nyumba, ndipo nyumba zisanu ndi ziwiri za kumtunda zinapita. Pamene zinali panatsala mchenga woti see. Miyala ina inatseka Nathuwe, madzi n'kuima kumbuyo kwake, ndipo pofika mwezi wotsatira panali dziwe lalikulu loti munthu n'kupalasapo bwato.

Amuna anakumba masiku asanu ndi anayi. Pa anthu khumi ndi atatu amene anasowa, khumi ndi awiri anapezeka, ena kutali ndithu kumunsi. Amene sanapezeke anali achimwene anga. Matope anali akuya ndi ofewa, ukakumba lero, mawa upeza abwereramo.

Apa ndi pamene ndinalakwa ine. Mayi athu anasiya kudya. Ankangoti, "Mwana wanga ali pamtetete ngati galu, ine ndizidya?" Kwathu kuno munthu akapanda kupezeka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti maliro athe, anthu amete, moyo upitirire. Ndinapita kusukulu kumene anthu otsala opanda nyumba ankagona, n'kuwauza a Lenia kuti tichite zimenezo.

"Dikirani matope aume, alamu," anatero. "Akauma tikumbanso. Munthu ali pompo."

Ine ndi pakamwa pangapa ndinawakalipira pamaso pa anthu. Ndinati kodi akufuna kuti tiike maliro awiri, ndinati iwo ndi mkazi chabe, magazi ndi athu. Mawa lake ndinatenga chikwanje, ndinalowa m'dimba mwanga, ndinadula nthochi ndi manja angawa. Amene anaitsitsira m'manda anali a Fletcher, mchimwene wawo wamkulu wa a Lenia, amene ndi mwinimbumba wa banja lawo komanso mkulu wa adzukulu okumba manda kwathu. Tinaimba nyimbo, tinalira, tinazika mtanda wolembedwa dzina. A Lenia sanabwere, ndipo sanamete. Mayi athu anadya masiku angapo, koma pofika Julayi anamwalirabe.

Chaka chotsatira anatulukira Steve, mnyamata wa ku Blantyre wa galimoto yaikulu ndi kabudula wa matumba ambirimbiri. Anabwera kudzakwera phiri, anaona dziwe lija, mutu unazungulira. Ndinene chilungamo, ngakhale ndakwiya: malowo ndi okongola. Madzi ake ndi oyera moti umaona miyala pansi, mbali zonse kuli mitengo ya paini ndi misuku, ndipo m'mawa nkhungu imatsika m'phiri n'kudzakhala pamadzi. Ine ndimapayang'ana n'kulavula, koma ndi okongola.

Steve anafuna kutsegula kampu, malo oti anthu a m'tauni azibwera kudzagona m'matenti m'mbali mwa dziwe. Ndipo anafunsa, zimenezo sindimunamizira. Anafunsa ngati pamchengapo palibe munthu amene anatsalira. A Fletcher anamutengera kumanda, anamuwerengera mitanda khumi ndi itatu, n'kunena kuti, "Onse tinaika, bwana." Malo aja anawapereka monga mwinimbumba. Mlongo wawo sanamufunse, ati mutu wake sukuyenda bwino chichitikire ngozi.

Ndiye anayamba kubwera. Abale inu, dziko lili ndi anthu! Munthu ali ndi bedi kwawo, matiresi aakulu, magetsi, koma akuyenda ulendo wonsewo kudzagona pansi, ife tikulirira bedi. Lachisanu lililonse magalimoto ankakwera, matenti ofiira ndi achikasu n'kumera pamchenga paja. Ankasambira, ankawotcha nyama, ankaliza sipika mpaka anyani anasamuka. Ankajambulana ataimirira pamiyala imene inapha anthu athu, zala ziwiri m'mwamba, mano onse panja. Kampuyo anaipatsa dzina lachingerezi limene lilime langa limakana.

Nditamva kuti a Lenia apempha ntchito yosesa kumeneko, ndinakwera phiri ndi mawondo anga olirawa kukawatukwana. Inali nthawi yoyamba kulankhulana chiikire nthochi ija.

"Mwapenga zoona eti?" ndinatero. "Anthu akuvina pamwamba pa achimwene anga, inu n'kumawasesera?"

Sanasiye kusesa. Anangoti, "Akamakumba chimbudzi, ndani aziona zimene zikutuluka?"

Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo yeniyeni. Steve analetsa kukumba maenje pamchengapo, ati alendo angathyoke miyendo, koma kampu imafuna zimbudzi, dzenje la zinyalala, mizati ya magetsi a sola. Paliponse pamene khasu linkalowa pansi, a Lenia ankakhala ali pompo, atagwada, akufwafwaza dothi ndi zala. Napolo anali atasuntha zonse, moti ngakhale iwo sankadziwa pamene nyumba inakathera. Alendo ankawagula nkhuni n'kumawatchula kuti anti. Wina anawajambula pafoni akulankhula ndi mchenga m'Chilomwe, kanemayo anafika pa Migowi, ndipo dzina la wamisala linayambira pamenepo. Chaka chathunthu ndi miyezi chinatha osapeza kanthu koma mapale.

Mu Okutobala chaka chathachi, Steve anaganiza zomanga bwalo la simenti pakati penipeni pa mchenga, povinira ndi pogulitsira mowa, ndipo ankafuna lithe Tsiku la Anakubala lisanafike. Anabweretsa mmisiri wa pa Migowi, a Jabiri, bambo wa ndevu zoyera amene amasiya ntchito dzuwa likapendeka kukaswali pansi pa mtengo. Lolemba anakhoma zikhomo, anakoka zingwe, anayamba kukumba maziko. Ine ndinali pomwepo tsiku limenelo, ndinabweretsa nthochi ndi mapapaya kudzagulitsa.

Piki ya mmodzi wa antchito inamenya chinthu n'kuchiswa. Anatulutsa kachidutswa ka thabwa, anakaponya pambali. A Lenia anali chapatali ndi tsache, koma anaima ngati wina wawaitana. Fungo linawafika asanaone n'komwe. Unali mkungudza. Mtengo umenewu suola, ndipo ukauswa umanunkhira ngati waudula dzulo. M'mudzi monse munali chitseko chimodzi chokha cha mkungudza, chimene achimwene anapala okha ndi thabwa limene anasunga masiku awo ocheka. A Lenia anatola kachidutswa kaja, anakanunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Chitseko changa ichi, alamu. Nyumba ili pansi apa."

Tinapita kwa Steve tonse awiri. Tinamupeza akuyesa mababu amitundumitundu oti akoloweke m'mitengo.

"Anti, ndikumva chisoni, zoona," anatero. "Koma limenelo ndi thabwa basi. Amuna anu ali kumanda, ine ndinaona mtanda ndi maso anga."

"Muli nthochi mmenemo, iwe!" ndinakuwa. "Nthochi ya m'dimba mwanga!"

Anandiyang'ana ngati ndikulankhula zakumowa. Anati iye sadziwa za nthochi, iye anafunsa akuluakulu a malowo ndipo anamuyankha. Anati alendo alembetsa kale, simenti ikubwera Loweruka m'mawa, ndipo bwalo lithiridwa tsiku lomwelo. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sankanama. Simenti ikangothiridwa, basi, achimwene anga akanakhala pansi pa mapazi a anthu oledzera mpaka Yesu adzabwere.

Tikubwerera, a Jabiri anatiitana chapansipansi. Anati, "Amayi, ine ntchito yanga yaima mpaka simenti ifike. Zimene zichitike mkati mwa zingwe zangazi kuyambira lero mpaka Loweruka, maso anga ndi okalamba, saona bwino." Anatisiyira fosholo imodzi.

Masiku anayi. Amuna khumi akanamaliza m'masiku awiri. Ndinatsika phiri chothamanga kupita kwa a Fletcher, ndinawapeza akusoka mphasa pakhonde.

"Itanani adzukulu," ndinatero, osapereka n'komwe moni. "Chitseko chapezeka. Alamu anu ali pansi pake."

Anapitiriza kusoka. "Adzukulu sanyamula makasu kawiri chifukwa cha munthu mmodzi, mayi. Goliati tinamuika. Tikakumbanso ndiye kuti tikunena kuti tinanamiza manda, ndipo dzenje lachiwiri limafuna mwini wake. Mukufuna litenge ndani, mwana wanga kapena wanu?"

"Mxii! Si manda amene mukuopa inu. Mukuopa kuti Steve adziwa kuti munamunamiza!"

Ndinawatukwana, abale. Ndinatchula mimba yawo, ndinatchula malata atsopano amene anali padenga pawo, ndinati ndi fisi wodya mbumba yake yomwe. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. A Fletcher anadikira mpaka mpweya unandithera, kenako anafunsa mofatsa:

"Nthochi ija anadula ndani, mayi Aliness?"

Ndinabwerera kuphiri, khasu langa lili paphewa.

Tinakumba awiriwiri, ine ndi a Lenia, azimayi a zidzukulu. Mmodzi m'dzenje ndi khasu, wina pamwamba ndi beseni. Mchenga wa napolo ndi woipa, uli ndi miyala mkati, ndipo ukafika m'chiuno umayamba kugumukira pamiyendo. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Lachiwiri tinatulutsa chitseko chonse, mahinjesi ali pomwepo. Lachitatu tinapeza njerwa, mbale ziwiri zachitsulo ndi unyolo wa njinga. Manja anga anatuluka matuza, matuza anaphulika, ndinakulunga chitenje n'kupitiriza. Amuna a m'mudzi ankadutsa ndi matumba a makala, ankaima, ankapukusa mitu. Mmodzi anati misala ndi yopatsirana. Ndinamuponyera mwala, ndipo ndikudandaula kuti ndinaphonya.

Lachinayi masana ndinatopa mpaka ndinakhala pansi m'dzenjemo n'kuyamba kukayika. Ndinati mwina madzi anawakokera kudziwe, mwina anathawira panja. A Lenia anapukuta thukuta ndi duku lawo.

"Munthu uja mvula ikamagwa sankatuluka," anatero. "Ankakhala pampando kuseri kwa chitseko, wavala kale zonse, kudikira kuti ikate akaone mbuzi. Ndakhala naye zaka makumi atatu. Galu wamkota sakandira pachabe, alamu. Tengani beseni."

Tsiku limenelo ndinafuna kupepesa za nthochi ija. Koma nditati ndiyambe, iwo anali atatembenuka kale, akukumba.

Lachisanu magalimoto anayamba kufika. Steve anabwera ndi lona wobiriwira n'kuzinga dzenje lathu, ndipo ndinamumva akuuza alendo kuti pepani, pano tikumanga. Tikumanga! Anthu anachuluka moti malo anachepa, ndipo banja lina linakhoma tenti yawo pafupi penipeni ndi lonayo, bambo, mayi ndi ana awiri. Utsi wa nyama unkalowa m'dzenje mwathu. Sipika inkagunda mpaka mchenga unkayoyoka m'mbali. Ana ankathamanga kupita kumadzi akukuwa ndi chisangalalo, ndipo ine ndinkadana nawo, ana osalakwa, Mulungu andikhululukire.

Dzuwa likupendeka, dzenje litatipitirira mutu, khasu linalira pachitsulo. Anali malata, denga lonse litaphwanyikira pansi, ndipo pamwamba pake panakhala chimwala chachikulu ngati ng'ombe yogona. Tinachikankha, tinachizika mpini, mpini unathyoka. Amati mutu umodzi susenza denga. Ife tinali mitu iwiri, koma silinasunthe ngakhale pang'ono.

Loweruka tinafika kusanatenthe. Lole ya simenti inali itafika kale, matumba ataunjikidwa pafupi ndi matenti. Ndipo mukudziwa amene Steve anawalemba ganyu yokwirira dzenje ndi kusakaniza simenti? A Fletcher ndi adzukulu awo asanu ndi mmodzi! Anthu omwe aja amene makasu awo sanyamulidwa kawiri anali ataima pamenepo ndi mafosholo, okonzeka kukwirira. Kukumba kufuna munthu ndi mwikho, koma kumukwirira ndi ganyu.

Steve anasuzumira pa lona. "Anti, nthawi yakwana. Ndakupatsani sabata yonse, palibe chimene mwapeza. Tulukani, chonde, tisakanganepo pamaso pa alendo."

Ine ndinakwera kukamuyankha, ndipo ndinayamba bwino ndithu. Koma a Lenia sanatuluke. Nditayang'ana m'dzenje ndinaona atagona chafufumimba pansi, akukokolola mchenga kunsi kwa lata ndi imodzi ya mbale zija. Anapanga kamphako, analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, kenako mpaka paphewa, tsaya lili pamchenga. Lata linawacheka mkono, magazi anayenderera, iwo osamva. Kenako anasiya kusuntha. Ndinaganiza kuti akomoka.

"Alamu!" ndinaitana.

Anayamba kukoka pang'onopang'ono. Chimene chinatuluka chinali jombo yakuda ya mphira, ya kumanzere. Pachidendene panali chigamba cha chubu cha njinga, chosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Anasoka okha chigamba chimenecho, anandiuza pambuyo pake, chifukwa achimwene ankadandaula kuti madzi akulowa. Jomboyo inali yolemera. Anasuzumiramo, ndipo nanenso nditatsika ndinasuzumiramo. Munali mchenga, ndipo mumchengamo munali mafupa a phazi.

A Lenia ananyamula jomboyo. Anaikumbatira pachifuwa, anakwera makwerero athu a miyala, anakankha lona uja mpaka anagwa. Anayenda pakati pa matenti, thupi lonse mchenga, mkono uli magazi. Anthu anali akumwa tiyi pamipando yopinda, ena akukazinga mazira, ena atavala zosambira. Mnyamata wina anakweza foni kuti ajambule, ndinamuyang'ana kamodzi kokha, anaitsitsa. A Lenia anafika pamulu wa simenti, anaika jombo ija pamwamba pa thumba, patsogolo penipeni pa mchimwene wawo.

"Inu a Fletcher," anatero, mawu ali pansi. "Nthochi yanu ija inkavala jombo?"

A Fletcher anayang'ana m'jombomo. Adzukulu ena anabwerera m'mbuyo, mmodzi fosholo inamugwa.

Amene anayamba kusuntha anali a Jabiri. Anavula chipewa chawo cha ntchito, anatembenukira kwa Steve n'kunena kuti, "Bwana, ine ndamanga nyumba zambiri, koma simenti pamutu pa munthu sindithira. Funani mmisiri wina." Anatenga mgwala, chitsulo chachitali chija chotembenuzira miyala, anaitana antchito awo awiri, n'kutsikira m'dzenje.

Steve anapita yekha kukazimitsa sipika, ndipo kwa nthawi yoyamba chitsegulire kampu ija ndinamva madzi a Nathuwe akutsika pamiyala. Anaimbira foni apolisi, akubwerezabwereza kuti iye anafunsa, iye anafunsa.

Ine ndinali nditakonzeka kuwamaliza a Fletcher ndi mawu, koma ndisanayambe anawerama n'kuvula nsapato, monga achitira adzukulu polowa m'manda. Anatola khasu lathu lothyoka mpini lija, analiyang'ana, analisiya, anatenga fosholo. Enawo anawatsatira mmodzimmodzi. Sindinawakhululukire, ndipo musandifunse kuti ndidzawakhululukira liti.

Alendo anayamba kuzula zikhomo mwakachetechete. Mayi uja wa tenti ya pafupi ndi dzenje anabwera kwa a Lenia atagwira ana ake m'manja, nkhope itatuwa.

"Amayi, pepani," anatero. "Ndiye kuti ife dzulo tagona pa..."

"Eya," anayankha a Lenia. "Musadandaule, mwana wanga, simunadziwe. Inu mwagona pafupi ndi amuna anga tsiku limodzi. Ine ndakhala ndikupempha zimenezo zaka ziwiri ndi theka."

Mayi uja anaphimba kukamwa n'kuchoka. M'dzenje muja amuna anayamba kuwerengera limodzi, mgwala unalira, chimwala chija chinagubuduka. Wina anati, "Pang'onopang'ono, lata likutseguka." Kenako ndinamva mawu a a Jabiri akuti, "Alimo. Bweretsani nsalu."

A Lenia anatenga jombo ija pathumba la simenti, anakhala pansi pamchenga, miyendo atatambasula, anaiika pamiyendo pawo. Anamasula duku. Ndiye anayamba kulira maliro, kulira kwenikweni kwa mkazi wamasiye, m'Chilomwe, akuwatchula achimwene dzina, akuwafunsa kuti mbuzi zinali chiyani kuti atsalire. Mawu awo anawoloka dziwe n'kukabwerera kuphiri.

Ndinapita kukakhala pambali pawo monga tichitira pamaliro, ndinatsegula kukamwa kuti ndilire mlongo wanga. Iwo anaika dzanja lawo lamagazi lija pabondo langa, osandiyang'ana.

"Inu ayi, alamu," anatero. "Inu munalira kale kunthochi. Lero ndi langa."

Ndinameza misozi, ndinadzuka, ndinamasula chitenje changa chakunja n'kupita nacho kudzenje, chifukwa amuna aja ankadikira nsalu.